KHANSA YA M'KATI MWA CHIBEREKERO: CHITHANDIZO CHAKE NDI CHIYEMBEKEZO CHA WODWALA

Mayi akafika pa msinkhu wosiya kusamba, anthu kumudzi amamuona kuti tsopano wapuma. Za sikelo ya amayi apakati anathana nazo, za kulera anathana nazo, ndipo kaŵirikaŵiri kuchipatala amafikako pokhapokha poperekeza mdzukulu kapena mpongozi. Nchifukwa chake mayi wotere akaona timadontho ta magazi pa chovala chake patapita zaka chisiyireni kusamba, amasoŵa munthu womuuza. Ena amaganiza kuti msambo wangobwerera, ena amati ndi ukalamba chabe, ndipo ena amayamba kukayikira anansi awo kuti awachita chipongwe ndi mankhwala. Koma magazi otere nthaŵi zina amakhala chizindikiro choyamba cha khansa ya m'kati mwa chiberekero. Iyi ndi imodzi mwa khansa zimene zimachizika bwino kwambiri ngati wodwala afika msanga kwa madokotala, koma imapha ngati banja lizengereza.

Nthambi yofufuza za khansa ya bungwe loona zaumoyo pa dziko lonse, la World Health Organization, inaŵerengera kuti m'chaka cha 2022 amayi pafupifupi 420,000 anapezeka ndi khansa imeneyi pa dziko lonse, ndipo pafupifupi 98,000 anamwalira nayo. Ziŵerengero ziŵirizi zikusonyeza kuti ochira ndi ochuluka kuposa omwalira. Nkofunika tsono kuti amayi, amuna awo ndi ana awo adziŵe chimene chimasiyanitsa wochira ndi womwalira.

Khansa ziŵiri m'chiŵalo chimodzi

Chiberekero chimaoneka ngati peyala laling'ono lozondoka, ndipo kukula kwake kufanana ndi chibakera cha mwini wake. Kumunsi kwake kuli khomo, limene limatseguka mwana akamabadwa. Kumtunda kuli thupi la chiberekerocho, m'mene mwana amakhala miyezi 9. Khoma la thupi limeneli ndi la mnofu wolimba, koma m'kati mwake muli kachikopa kofeŵa kamene kamakhuthala mwezi ndi mwezi pokonzekera mimba, ndipo mimba ikapanda kuima kamasupuka nkutuluka ngati msambo.

Khansa imene Amalaŵi ambiri anamva ndi ya khomo la chiberekero. Imayamba chifukwa cha kachirombo ka HPV, ndipo Malaŵi ali m'gulu la maiko amene khansayi yafala koposa: m'chaka cha 2020 amayi opitirira 4,000 anaŵerengedwa kuti anapezeka nayo m'dziko muno. Nchifukwa chake boma linayamba kupereka katemera wa HPV kwa atsikana a zaka 9 m'chaka cha 2019, ndiponso limalimbikitsa amayi, makamaka a zaka 25 mpaka 49, kukayezetsa khomo la chiberekero.

Khansa ya m'kati mwa chiberekero ndi matenda ena. Imayambira pa kachikopa kofeŵa kaja, siyambitsidwa ndi kachirombo ka HPV, sipatsirana pogonana, ndipo kaŵirikaŵiri imagwira amayi amene anasiya kusamba, ambiri mwa iwo a zaka za m'ma 60. M'Malaŵi muno sipezeka kaŵirikaŵiri ngati inzake ya pakhomo, koma ilipo. Mfundo yofunika kuisunga ndi iyi: kuyeza kopaka viniga pa khomo la chiberekero sikuona za m'kati. Mayi angathe kuuzidwa kuti pakhomo pali bwino, nkubwerera kwawo wokondwa, pamene m'kati matenda akukula. Palinso mtundu wina wosoŵa umene umayambira mu mnofu wa khoma, wotchedwa sarcoma, umene uli woopsa kwambiri. Koma zotupa za m'chiberekero zimene amayi ambiri amapezeka nazo pa sikani, zimene madokotala amati fibroids, si khansa ayi.

Chimene chimayambitsa matendaŵa

Kachikopa ka m'chiberekero kamalamulidwa ndi michere iŵiri ya m'thupi, imene madokotala amaitcha mahomoni. Mchere woyamba, estrogen, umachititsa kachikopako kukula. Wachiŵiri, progesterone, umaletsa kukulako kuti kusapitirire muyeso. Ngati estrogen agwira ntchito yekha kwa zaka zambiri popanda mnzake womuletsa, kachikopako kamangokhuthala, ndipo tizigawo take tina timayamba kukula mosalamulirika mpaka kusanduka khansa. Zimenezi zinaonekera poyera m'chaka cha 1975, pamene madokotala a ku America anapeza kuti amayi amene ankamwa mankhwala a estrogen yekha atasiya kusamba ankadwala khansayi mochuluka kuposa anzawo.

Mafuta a m'thupi nawonso amapanga estrogen, ngakhale mayi atasiya kusamba. Motero kunenepa kwambiri ndiye chinthu chachikulu chimene chimaika mayi pa ngozi ya khansa imeneyi. Ena amene ali pa ngozi ndi odwala matenda a shuga, amene sanaberekepo, amene anatha msinkhu akali aang'ono kwambiri, amene anachedwa kusiya kusamba, amene msambo wawo umadumpha miyezi yambiri chifukwa mazira sakhwima bwino, ndiponso amene akumwa mankhwala a tamoxifen pochiza khansa ya m'maŵere. Womwa tamoxifen sayenera kusiya mankhwala ake, pakuti ubwino wake ndi waukulu, koma ayenera kunena msanga akaona magazi achilendo.

Amayi pafupifupi 3 mwa 100 alionse odwala khansayi amakhala kuti anachita kutengera ku mtundu. Kutengera kumeneku kumatchedwa Lynch syndrome, potsata dzina la dokotala wa ku America, Henry Lynch, amene anafotokoza za mabanja otere m'chaka cha 1966. M'mabanja ameneŵa khansa ya m'matumbo ndi ya m'chiberekero zimagwira anthu angapo, ndiponso akali aang'ono. Wodwala amene abale ake anadwalapo khansa zimenezi ayenera kuuza dokotala.

Zilipo zinthu zimene zimateteza. Kubereka kumachepetsa ngoziyi, chimodzimodzinso kugwira ntchito zolimbitsa thupi ndi kupeŵa kunenepa kopitirira. Mapiritsi olera nawonso amateteza: kafukufuku wamkulu amene analengezedwa m'chaka cha 2015 anapeza kuti zaka 5 zilizonse zimene mayi wamwa mapiritsiŵa zimachepetsa ngozi ya khansayi ndi pafupifupi gawo limodzi mwa magawo 4, ndipo chitetezocho chimakhalapobe kwa zaka zoposa 30 atasiya kumwa.

Chizindikiro chosayenera kuchinyozera

Ubwino wa khansa imeneyi, ngati matenda angakhale ndi ubwino, ndi wakuti imadziulula msanga. Amayi 9 mwa 10 alionse odwala khansayi amayamba ndi kutaya magazi mosayembekezeka. Mayi amaŵerengedwa kuti wasiya kusamba akatha miyezi 12 osaona msambo, ndipo zimenezi zimachitika kaŵirikaŵiri pakati pa zaka 45 ndi 55. Kuchokera pamenepo magazi alionse, ngakhale kadontho kamodzi, ngakhale ataoneka tsiku limodzi lokha nkusiya, afunika kuyezedwa. Chimodzimodzinso chikazi chamadzimadzi kapena chosakanikirana ndi magazi. Kwa mayi amene sanasiye kusamba, chenjezo ndi msambo wochuluka mwachilendo, wotenga masiku ambiri, kapena magazi obwera pakati pa mwezi. Kupweteka kwa m'chinena, kuonda ndi kutupa kwa mimba zimabwera matenda atakula kale, kotero si nzeru kudikira ululu.

Sikuti mayi aliyense wotaya magazi atasiya kusamba ali ndi khansa ya m'kati mwa chiberekero. Pa amayi 10 otere, pafupifupi mmodzi yekha ndiye amapezeka nayo. Enawo amakhala ndi kuuma ndi kupyapyala kwa njira yoberekera kobwera ndi ukalamba, kapena timinofu tomera m'chiberekero tosakhala khansa, kapena likodzo, makamaka kumadera a kunyanja. Komanso m'Malaŵi muno magazi otere kaŵirikaŵiri amachokera ku khansa ya pakhomo. Palibe munthu angasiyanitse zimenezi ndi maso ali kunyumba, ndipo palibe muzu kapena khungwa la mtengo limene lingachotse khansa. Akuluakulu anati safunsa anadya phula.

Chimene chimachedwetsa amayi ambiri ndi manyazi. Mwachitsanzo, gogo wa zaka 62 amene amakhala ndi mwana wake wamwamuna amaona kuti nkosayenera kumuuza za magazi, pamene mwanayo ndiye wosunga ndalama ya ulendo. Pachikhalidwe njira ilipo: gogoyo angathe kuuza mpongozi wake, mchemwali wake, nankungwi kapena mlangizi wa zaumoyo wa m'mudzimo, ndipo iwo nkukauza mwanayo kuti, "Amayi afunika kupita kuchipatala sabata ino, nkhani yake ndi ya chizimayi." Mawu ochepa otereŵa akwanira kupulumutsa moyo.

Kupima kwa kuchipatala

Mayi akafika kuchipatala chaching'ono, namwino kapena dokotala amayamba wamufunsa mbiri yake, kenaka amayang'ana njira yoberekera ndi khomo la chiberekero. Ngati pakhomo sipakuoneka chifukwa cha magaziwo, mayiyo ayenera kutumizidwa ku chipatala cha boma cha m'boma lake kapena ku chipatala chachikulu kuti akaone za m'kati. Zipatala zazikulu za boma ndi Queen Elizabeth ku Blantyre, Kamuzu ku Lilongwe, Zomba ndi Mzuzu.

Kumeneko amayamba ndi sikani, imene imasonyeza kukhuthala kwa kachikopa ka m'kati. Kwa mayi wosiya kusamba, kachikopa kosapitirira mamilimita 4 kamasonyeza kuti ngozi ya khansa ndi yochepa kwambiri. Ngati kakhuthala kuposa pamenepo, kapena ngati magazi akubwerezabwereza, dokotala amatengako kanyama kakang'ono. Amachita zimenezi poloŵetsa kachubu kopyapyala kudzera pakhomo, ntchito ya mphindi zochepa imene imapweteka ngati cham'mimba cha msambo, kapena pokokota m'chiberekero mayiyo atagonekedwa ndi mankhwala. Kanyamako kamatumizidwa ku labotale kuti akatswiri akakayang'ane pa makina okuza zinthu. Kuyeza kumeneku kokha ndiko kumatsimikiza ngati ili khansa, mtundu wake, ndi ukali wake.

Zotsatira zimatenga masabata, ndipo apa ndi pamene odwala ena amatayika. Magazi akasiya kwa kanthaŵi, mayi amaganiza kuti kukokota kuja kunali kuchiza, ndipo sabwereranso. Wodwala ndi womuperekeza ayenera kufunsa tsiku lobwerera, kuonetsetsa kuti lalembedwa m'kabuku ka kuchipatala, ndi kusiya nambala ya foni imene ingapezeke.

Magawo 4 a matenda

Madokotala a dziko lonse amatsata ndondomeko ya bungwe la akatswiri a matenda a amayi lotchedwa FIGO, imene inakonzedwanso m'chaka cha 2009 ndi cha 2023. Mwachidule, pa gawo 1 khansa ikali m'thupi la chiberekero. Pa gawo 2 yafika mu mnofu wa khomo la chiberekero, kapena ili ya mtundu waukali umene waloŵerera m'khoma. Pa gawo 3 yatuluka kunja kwa chiberekero nkufika ku ziŵalo zoyandikana nazo kapena ku anabere a m'chinena. Pa gawo 4 yaloŵa m'chikhodzodzo kapena m'matumbo, kapena yafika kutali monga ku mapapo ndi ku chiŵindi. Kaŵirikaŵiri gawo lenileni limadziŵika pambuyo pa opaleshoni, ziŵalo zochotsedwazo zitayezedwa.

Opaleshoni ndiye chithandizo chachikulu

Kwa odwala ambiri chithandizo choyamba ndi opaleshoni yochotsa chiberekero chonse pamodzi ndi khomo lake, machubu odutsamo mazira ndi timatumba ta mazira tonse tiŵiri. Timatumbati timachotsedwa chifukwa khansa imatha kubisalamo, ndiponso chifukwa ndimo mumapangidwa estrogen amene amaidyetsa. Nthaŵi zina dokotala amachotsanso anabere ena a m'chinena kuti akaone ngati matenda afikako. Opaleshoniyi imachitika pong'amba pamimba, kapena, kumene zipangizo zilipo, poboola timabowo ting'onoting'ono. Ngati khansa inali pa gawo loyamba, ya mtundu wosakalipa, ndipo inali isanaloŵe kwambiri m'khoma, opaleshoni yokhayi imakwanira ndipo mayi safunanso chithandizo china.

Opaleshoni isanachitike, madokotala amayamba akonza thupi la wodwala. Wochepa magazi amapatsidwa mankhwala kapena kuikidwa magazi, ndipo apa abale ayenera kukhala okonzeka kupereka magazi. Shuga ndi kuthamanga kwa magazi ziyenera kutsitsidwa. Mayi amene akumwa mankhwala a ARV apitirize kumwa monga mwa nthaŵi zonse.

Mantha amene mabanja ambiri amakhala nawo ndi akuti mayi wochotsedwa chiberekero salinso mkazi, kapena kuti m'mimba mwake mumatsala dzenje. Zimenezi si zoona. Chiberekero ndi chaching'ono, ndipo matumbo amadzaza malo ake. Njira yoberekera imatsala, imangosokedwa kumtunda, kotero kuti bala likapola, patapita masabata 6 kapena monga dokotala walangizira, mayi ndi bambo angathe kukhalanso malo amodzi monga kale. Bambo sangatenge khansa kwa mkazi wake. Mayi amene anali asanasiye kusamba amasiya pomwepo, ndipo angathe kumamva kutentha thupi ndi kutuluka thukuta usiku. Zimenezi zimachepa m'kupita kwa nthaŵi, ndipo zikamuvutitsa afotokozere dokotala.

Pa masabata 6 oyambirira wodwala sayenera kusenza madzi kapena nkhuni, kusinja, ngakhale kulima. Ayenera kuyamba kuyenda pang'onopang'ono tsiku lotsatira opaleshoni kuti magazi asaundane m'miyendo, ndipo azidya zakudya zomanga thupi monga nyemba, nsomba, mazira, mtedza ndi ndiwo zamasamba. Bala likafiira ndi kutuluka mafinya, thupi likatentha, kapena mwendo umodzi ukatupa, abwerere kuchipatala tsiku lomwelo.

Kuwotcha khansa ndi cheza

Ngati labotale yapeza kuti khansa inaloŵa kwambiri m'khoma, kapena ndi ya mtundu waukali, kapena inafika ku anabere, madokotala amawonjezera chithandizo cha radiotherapy, chimene chimapha tizigawo ta khansa totsalira ndi mphamvu ya cheza chosaoneka ndi maso. Njira zake ndi ziŵiri. Yoyamba ndi yoika kachipangizo kotulutsa cheza m'njira yoberekera kwa mphindi zochepa, kaŵirikaŵiri maulendo atatu kapena kuposerapo pang'ono. Kafukufuku wa ku Netherlands amene analengezedwa m'chaka cha 2010 anasonyeza kuti kwa odwala ambiri a gawo loyamba njira yachiduleyi imateteza njira yoberekera mofanana ndi njira yaitali, ndipo sivutitsa matumbo kwambiri. Yachiŵiri ndi ya makina aakulu amene amaunika m'chinena kuchokera kunja, masiku 5 pa sabata kwa masabata pafupifupi 5. Pochita zimenezi wodwala samva kupweteka ndipo palibe moto umene umamukhudza, koma angathe kufooka, kutsegula m'mimba ndi kumva kuŵaŵa pokodza. Amene ali pa chithandizochi saopseza anthu okhala naye pafupi.

Kwa zaka zambiri Malaŵi analibe makina ameneŵa, ndipo odwala ochepa amwayi ndiwo ankatumizidwa ku maiko monga India, Kenya, Tanzania ndi Zambia. Zinthu zinasintha m'chaka cha 2024 pamene chipatala cholipiritsa cha International Blantyre Cancer Centre chinatsegulidwa, ndipo m'chaka cha 2025 chipatala cha boma cha khansa, National Cancer Centre, chinatsegulidwa pafupi ndi chipatala chachikulu cha Kamuzu ku Lilongwe. Banja limene wodwala wake watumizidwa ku chithandizochi liyenera kukonzekeratu za malo ogona, chakudya ndi womudikirira, chifukwa kudumphitsa masiku kumachepetsa mphamvu ya chithandizo.

Mankhwala a m'dripi ndi mapiritsi

Khansa ikatuluka kunja kwa chiberekero, ikakhala ya mtundu waukali, kapena ikabwereranso, wodwala amapatsidwa mankhwala amphamvu oyenda m'magazi, amene amatchedwa chemotherapy. Amene amagwiritsidwa ntchito kaŵirikaŵiri ndi carboplatin ndi paclitaxel, operekedwa m'dripi kamodzi pa masabata atatu alionse, mpaka maulendo 6. Mankhwalaŵa amathothola tsitsi, amachititsa nseru ndi dzanzi m'zala, ndiponso amachepetsa asilikali a m'thupi. Tsitsi limameranso chithandizo chikatha, ndipo nseru ili ndi mankhwala ake. Koma wodwala akatentha thupi ali pa chithandizochi, asangoganiza kuti ndi malungo nkumwa mapiritsi ogula pa golosale. Athamangire kuchipatala nthaŵi yomweyo, usana kapena usiku, ndi kunena kuti ali pa mankhwala a khansa.

Popeza khansa zambiri za m'chiberekero zimakula ndi estrogen, mankhwala ofanana ndi progesterone, monga megestrol ndi medroxyprogesterone, amatha kuzibweza m'mbuyo. Amathandiza wodwala wofooka amene sangapirire opaleshoni, ndiponso amene matenda ake anafalikira koma akukula pang'onopang'ono. Amathandizanso mayi wachitsikana amene akufunabe mwana, ngati khansa yake ili yosakalipa ndipo ili pa kachikopa pokha. Mayi wotere amapatsidwa mapiritsi kapena lupu yokhala ndi mankhwalaŵa, amatengedwa kanyama miyezi 3 mpaka 6 iliyonse, ndipo akatha kubereka amalangizidwa kuchotsa chiberekero, chifukwa matenda amatha kubwerera.

Masiku ano kulinso mankhwala othandiza chitetezo cha m'thupi kuzindikira khansa ndi kulimbana nayo. Zotsatira za kafukufuku zimene zinalengezedwa m'chaka cha 2023 zinasonyeza kuti mankhwala a dostarlimab kapena pembrolizumab, akaphatikizidwa ndi chemotherapy, amachedwetsa kukula kwa khansa imene inafalikira, makamaka ya mtundu umene umapezekanso m'mabanja a Lynch. Mtengo wake ndi wokwera kwambiri, kotero kuti kwa amayi ambiri a mu Africa chida chodalirika chikadali kufika msanga ndi kuchitidwa opaleshoni.

Kodi chiyembekezo nchotani?

Madokotala amayeza chiyembekezo poŵerenga odwala amene akali moyo patapita zaka 5 chipezekereni matenda. Ziŵerengero za ku United States, kumene kalembera wa khansa ndi wakalekale, zikusonyeza kuti khansa ikapezeka ikali m'chiberekero, pafupifupi amayi 95 mwa 100 amakhala ali moyo patapita zaka 5. Ikafika ku ziŵalo zoyandikana nazo kapena ku anabere, chiŵerengero chimatsika kufika pafupifupi 70 mwa 100. Ikafalikira kutali, amatsala osakwana 20 mwa 100. Ziŵerengerozi ndi za dziko lokhala ndi zipangizo zambiri, ndipo sizilosera za munthu mmodzi payekha, koma phunziro lake ndi la dziko lililonse: miyezi imene mayi amakhala chete ndi magazi ndiyo imamusamutsa kuchoka pa chiŵerengero choyamba kupita pa chotsiriza.

Mtundu wa khansa nawonso uli ndi mbali yake. M'chaka cha 1983 dokotala wa ku Russia, Bokhman, anagaŵa khansayi m'mitundu iŵiri. Woyamba, umene uli wofala, umayenderana ndi estrogen ndi kunenepa, umakula pang'onopang'ono ndipo umachizika bwino. Wachiŵiri umagwira kwambiri amayi okalamba, ngakhale oonda, ndipo umafalikira msanga. M'chaka cha 2013 akatswiri a ku America anapitiriza ntchitoyi pogaŵa khansayi m'magulu 4 potengera chibadwa cha tizigawo take, ndipo magulu ameneŵa tsopano amathandiza kusankha amene afunika chithandizo chowonjezera ndi amene angapumulitsidwe. Ku United States komweko zinapezeka kuti amayi akuda amadwala kwambiri mitundu yaukaliyo, ndipo amamwalira ndi khansayi pafupifupi kuŵirikiza kaŵiri poyerekeza ndi azungu. Motero mayi woonda asadzinamize kuti matendaŵa ndi a anthu onenepa okha.

Moyo pambuyo pa chithandizo

Khansayi ikabwerera, kaŵirikaŵiri imabwerera m'zaka 3 zoyambirira. Nchifukwa chake wodwala amauzidwa kuti azikaonana ndi dokotala miyezi 3 mpaka 6 iliyonse pa zaka zoyambirirazo, kenaka mwa apo ndi apo mpaka zaka 5. Asadikire tsiku lolembedwa ngati aonanso magazi, amva kupweteka kosatha m'chinena kapena kumsana, akutsokomola mosalekeza, akuonda, kapena mwendo watupa. Khansa yobwerera kumtunda kwa njira yoberekera imachizikabe nthaŵi zambiri ndi cheza, makamaka kwa amene sanalandirepo chithandizocho. Ndiponso amayi ambiri ochira khansayi amadzavutika m'tsogolo ndi matenda a mtima, shuga ndi kuthamanga kwa magazi kuposa khansa yeniyeniyo, kotero kuchepetsa mchere, mafuta ndi zotsekemera, ndi kupitiriza kuyenda ndi kugwira ntchito zopepuka, ndi mbali ya chithandizo.

Pamene matenda apezeka atapitirira, chipatala sichitaya wodwala. Pali chisamaliro chochepetsa ululu ndi mavuto ena, chimene chimaperekedwa m'zipatala za m'maboma, ku Tiyanjane pa chipatala cha Queen Elizabeth, ku Ndi Moyo m'boma la Salima ndi malo ena. Mankhwala akumwa a morphine, akamwedwa motsata malangizo ndi pa nthaŵi yake, amathetsa ululu waukulu, ndipo safulumizitsa imfa monga ena amaopera. Kutaya magazi ndi fungo nazonso zili ndi chithandizo chake. Wodwala wosamalidwa bwino amatha kugona tulo, kudya, kupemphera ndi kulongosola za ana ake ali ndi mtendere.

Udindo wa banja ndi mudzi

Mutu umodzi susenza denga. Mayi wodwala khansa afunika womuperekeza, womulimira munda pa nyengo ya opaleshoni, ndi mwamuna womulimbitsa mtima m'malo momuthaŵa. Anankungwi, amayi a mabungwe a mipingo ndi a m'mizikiti, mafumu ndi alangizi a zaumoyo, pophunzitsa za kuyezetsa khomo la chiberekero, awonjezereko uthenga wa amayi achikulire, pakuti ambiri a iwo anapitirira zaka zoyezetsa ndipo amaganiza kuti nkhani za chiberekero siziwakhudzanso. Anamwino nawonso, akalandira mayi wachikulire wobwera ndi shuga kapena kuthamanga kwa magazi, angachite bwino kumufunsa mwaulemu ali aŵiri kuti, "Agogo, chisiyireni kusamba munaonapo magazi?" Ambiri sayamba okha nkhaniyi, koma akafunsidwa amayankha.

Mayi aliyense amene anasiya kusamba ndipo waona magazi apite kuchipatala sabata yomweyo atatenga kabuku kake. Ngati auzidwa kuti pakhomo pali bwino, afunse za kupima m'kati. Ngati atengedwa kanyama, abwerere kukamva zotsatira ngakhale magazi atasiya. Ndipo ngati auzidwa za opaleshoni, iye ndi banja lake avomere msanga, pakuti pa gawo loyamba amayi ochuluka zedi amachira nkubwerera ku minda yawo ndi kwa adzukulu awo.